Khoma lotchinga phokoso m'mbali mwa msewu waukulu: tiyambire pati, nanga mu tenda tilembemo chiyani?

Wamapulani:
Akuluakulu, tithandizane. Tiyerekeze kuti msewu waukulu ukukuzidwa kuchoka pa mizere iwiri kufika pa inayi, ndipo nyumba zoyandikira zili mamita 30 kuchokera pa phula. Pakufunika khoma lotchinga phokoso. Funso langa lili pawiri. Kutalika ndi utali wa khomalo timaupeza bwanji? Nanga chikalata cha tenda chilembedwe motani kuti kontirakitala asatiimikire mpanda wokongola koma wosagwira ntchito?

Khutu_Lakuthwa:
Achimwene, za khoma ziyambe zadikira. Choyamba ndi kudziwa phokoso lomwe lilipo lero ndi lomwe lidzakhalepo msewu ukadzadzaza, zaka 15 kapena 20 kutsogoloku. La lero mumayeza, la mtsogolo mumawerengera pa kompyuta.

Poyeza pamafunika chipangizo choyezera phokoso cha Class 1 malinga ndi muyezo wa IEC 61672, ndipo muchitsimikize ndi calibrator, kachipangizo kotulutsa phokoso la mlingo wodziwika, musanayambe komanso mukamaliza. Calibrator wamba amatulutsa 94 dB (ma decibel, muyezo wa kukula kwa phokoso) pa 1 kHz. Maikolofoni ikhale mamita 1.5 kuchokera pansi, ivekedwe kachipewa kake ka siponji, msewu ukhale wouma, mphepo isapitirire mamita 5 pa sekondi. Phula lonyowa limakweza mluzu wa matayala ndipo manambala anu onse amasokonekera. Mukaimika maikolofoni pafupi ndi chipupa cha nyumba, dziwani kuti chipupacho chikubweza phokoso ndi kuwonjezera pafupifupi 2.5 mpaka 3 dB. Lembani zimenezo pa fomu, apo ayi wodzawerenga lipoti adzasokera.

Chimene ambiri amaiwala ndi ichi: nthawi yomwe mukuyezayo wina akhale akuwerenga magalimoto, ang'onoang'ono paokha, malole paokha, ndi liwiro lawo. Manambala amenewo ndiwo mumalowetsa mu pulogalamu ya pa kompyuta yowerengera phokoso kuti muone ngati ikutulutsa zofanana ndi zomwe chipangizo chamva. Ku America, komwe amagwiritsa ntchito pulogalamu ya TNM ya bungwe la boma loona za misewu la FHWA, kusiyana kwa ziwirizi kusapitirire 3 dB. Kukapitirira, pali chomwe mwalowetsa molakwika, kawirikawiri kukwera ndi kutsika kwa nthaka kapena liwiro. Anthu amalemba liwiro la pa chikwangwani pomwe madalaivala akuthamanga lawolawo.

Wamapulani:
Zamveka. Ndiye malire ake ndi ati? Phokoso likafika pati m'pamene tinganene kuti apa khoma likufunika?

Khutu_Lakuthwa:
Zimatengera lamulo la dziko kapena zofuna za amene akupereka ndalama za ntchitoyo. Ku America lamulo la 23 CFR 772 limaika 67 dBA pa ola laphokoso kwambiri pa malo okhala anthu, ndipo amayamba kuganizira khoma phokoso likangoyandikira pamenepo, mwachitsanzo pa 66. Ku Britain amawerengera ndi njira ya CRTN ya 1988, ndipo nambala yodziwika ndi 68 dB ya maola 18. Bungwe la WHO mu 2018 linalangiza 53 dB Lden pa tsiku lonse ndi 45 dB usiku. Koma musaike manambalawa pa mzere umodzi ngati kuti ndi muyezo umodzi. Wina ndi wa ola limodzi, wina wa maola 18, wina amalemetsa madzulo ndi usiku. Sankhani umodzi, muulembe pa tsamba loyamba, mukakamire womwewo mpaka pa tsiku lolandira ntchito.

Mayi_Injiniya:
Ndiwonjezere za kutalika, chifukwa apa m'pamene anthu amalonjezedwa zosatheka. Khoma silipha phokoso. Limangolikakamiza kuyenda njira yaitali, kupindira pamwamba n'kutsikira kwa womvera. Khoma likangotseka maso, kuti munthu ali pakhomo sakuonanso matayala, mwapeza pafupifupi 5 dB. Mita iliyonse yowonjezera pamwamba pa apo imakupatsani 1.5 dB basi. Kuchotsa 10 dB n'kotheka ndipo khutu limamva ngati phokoso latsika ndi theka. 15 dB n'kovuta kwambiri. 20 dB iwalani.

Tiyeni tiwerengere. Phokoso likuchokera masentimita 50 pamwamba pa phula, khoma la mamita 3 lili mamita 10 kuchokera pamenepo, womvera ali mamita 20 kuseri kwa khoma, khutu lake lili mamita 1.5 kuchokera pansi. Kuchoka pa tayala kufika pansonga ya khoma ndi mamita 10.31, kuchoka pansonga kufika pa khutu ndi 20.06, pomwe njira yolunjika ndi 30.02. Kusiyana kwake ndi masentimita 35 okha. Masentimita 35 amenewo ndiwo mukugula ndi ndalama zonse zija. Pa 500 Hz, pamene funde limodzi la phokoso ndi lotalika masentimita 68, njira yowerengera ya Maekawa imapereka pafupifupi 13 mpaka 14 dB pa galimoto imodzi yoima moyang'anizana ndi nyumba. Pa msewu weniweni magalimoto ali mndandanda, ena kutali kumanja ena kumanzere, ndiye nambala imatsika, muyembekezere za m'ma 10. Pa 125 Hz, kulira kwa besi kwa injini ya lole kuja, kuwerengera komweko kukupatsani 9 dB, chifukwa funde lalitali limapinda pa khoma mosavuta.

Tsopano mukwezeni womvera uja, akhale pa zenera la chipinda cham'mwamba, mamita 4.5. Kusiyana kwa njira kwatsika kufika pa masentimita 10. Mukamufikitsa pa mamita 8, mzere wa maso ukungokhudza nsonga ya khoma, watsala ndi 5 dB. Kupitirira apo akuona msewu wonse ndipo khoma lanu kwa iye kulibe. Pa nyumba zosanjikizana zazitali, mazenera abwino amathandiza kuposa khoma.

Kapitawo:
Mayi, nanga bwanji osangobzala mitengo? Anthu amaikonda, komanso siifuna kireni.

Mayi_Injiniya:
Mitengo imatonthoza maso, osati makutu. Kuti muchotse 5 dB pamafunika nkhalango yothithikana ya mamita pafupifupi 30 m'lifupi, yodzaza kuyambira pansi, yoti munthu sangaone mbali inayo. Mzere umodzi kapena iwiri suchotsa kanthu koyezeka. Chimene chimagwira ntchito ndi mtumbira wa dothi. Umaposa khoma la msinkhu womwewo ndi 1 mpaka 3 dB, sufuna penti, ndipo ngati msewu ukukumbidwa dothi lili pomwepo. Vuto ndi malo. Mtumbira wa mamita 4, mbali zake zotsetsereka 1 pa 2, umadya mamita 16 pansi, kuwonjezerapo pamwamba pake. Malo akachepa, mumapanga mtumbira wa mamita 2 n'kuimika khoma la mamita 2 pamwamba, bola dothilo litsindiridwe m'magawo ngati la msewu. Lotayidwa chabe limatitimira ndipo mizati imapendama.

Khutu_Lakuthwa:
Za utali palibe wanenapo. Phokoso limazunguliranso kumapeto kwa khoma. Lamulo la pamtima n'lakuti khoma lipitirire nyumba yomaliza kanayi mtunda wa pakati pa nyumbayo ndi khoma, mbali zonse ziwiri. Nyumba ili mamita 20 kuseri, khoma lipitirire mamita 80 uku ndi 80 uko. Bajeti ikachepa, akuluakulu a ndalama amakonda kudula kumapeto komweko poti kumeneko kulibe nyumba. Mukatero nyumba zakumapeto zimatsala ndi 3 kapena 4 dB. Ngati malo palibe, pindani mapeto a khoma kulowera kwa nyumba m'malo molidula.

Ndipo liikeni pafupi ndi msewu kapena pafupi ndi nyumba. Pakatikati ndiye malo oipitsitsa. Msewu ukakhala m'chigwa chokumba, khoma likhale pamwamba pa chiphedi. Ukakhala pa mtunda womangidwa, likhale m'mphepete mwa msewu pamwamba.

Wamaziko:
Anzanga a makutu mwalankhula bwino, koma khoma limagwa ndi mphepo, osati ndi ma decibel. Khoma la mamita 4, mizati yotalikirana mamita 4, ndiye kuti mzati uliwonse wasenza masikweya mita 16 a thanga. Tiyerekeze kuti mphepo ikukankha 1.2 kN (kN ndi muyezo wa mphamvu yokankha) pa sikweya mita. Ndi 19 kN pa mzati umodzi, pakati pake pa mamita 2 kuchokera pansi, ndiye pa tsinde pali 38 kNm yofuna kuuzula. Mukakweza khoma kufika mamita 5, mphamvu yozulayo siikwera ndi gawo limodzi mwa anayi ayi, imafika 60 kNm, chifukwa imakula ndi sikweya ya kutalika. Ndiye a Mayi_Injiniya akamati mita yowonjezera ndi 1.5 dB, ine ndimaona maziko okula ndi theka.

Kumapeto kwa khoma mphepo imamenya kwambiri kuposa pakati, mwina kawiri kapena kuposerapo malinga ndi muyezo wa ku Europe wa EN 1991-1-4. Mizati itatu kapena inayi yomaliza ikhale yokulirapo kapena yoyandikana, apo ayi tsitsani khoma pang'onopang'ono ngati masitepe. Kontirakitala amene wajambula mtundu umodzi wa mzati pa khoma lonse sanawerengere.

Nthaka iyezedwe tenda isanatuluke, m'mzere weniweni wa khoma, osati kubwereka zotsatira za pakati pa msewu. M'mbali mwa msewu nthawi zambiri muli dothi lothira, ndipo mzati ukakhala pa chiphedi, mita yoyamba ya dothi simungaidalire kugwira mzati. Fufuzaninso mapaipi a madzi, mawaya a magetsi ndi a intaneti. Amakonda kudutsa ndendende pomwe mukufuna kuboola maenje. Zikapezeka makina ali kale pamalo, kontirakitala amakulipiritsani masiku onse oima.

Kapitawo:
Bambo Wamaziko, onjezani za zitsulo zotchinga ngozi zija. Galimoto ikaziwomba zimapindikira kumbuyo. Pa muyezo wa EN 1317, za gulu la W4 zimafuna mpata wa kumbuyo kwake wofika mamita 1.3, za W5 mamita 1.7. Khoma likaimikidwa mkati mwa mpata umenewo, lole imakawomba mzati. Lole yaitali imapendekeranso pamwamba pa zitsulozo, mutu wake n'kukwapula mapanelo. Malo akachepa, gulani khoma lomwe linayesedwa pamodzi ndi chotchinga chake cha konkire ngati chinthu chimodzi.

Wazogula:
Tsopano tifike pa pepala. Cholakwika chachikulu m'matenda ambiri, pepani, ndikutanthauza zikalata za tenda osati matenda a kuchipatala, ngakhale kusiyana kwake nthawi zina n'kochepa, ndi kulemba kuti khoma lotchinga phokoso, mamita akutiakuti, basi. Wotchipitsitsa amapambana ndipo mulibe pomugwira.

Muyambe mwasankha kuti wojambula ndani. Mukajambula nokha n'kupereka ntchito yomanga yokha, monga pa kontirakiti ya Red Book ya bungwe la mainjiniya la FIDIC, ma decibel akapanda kukwana mlandu ndi wanu, kontirakitala wamanga zomwe munamuuza. Mukamupatsa kujambula ndi kumanga, monga pa Yellow Book, mutha kumumanga pa zotsatira, koma ndiye mulembe malo enieni oyezera, msinkhu wa maikolofoni, kuchuluka kwa magalimoto kowerengera ndi njira yoyezera. Ine ndimaona kuti njira ya pakati ndiyo yabwino. Mzere wa khoma ndi msinkhu wa nsonga yake mukhazikitse inu eni ntchito kuchokera pa kafukufuku wanu. Kontirakitala asankhe mtundu wa mapanelo, ajambule mizati ndi maziko, injiniya wanu avomereze.

Taonani kuti ndati msinkhu wa nsonga, osati kutalika kwa khoma. Lembani levulo ya nsonga pa mzati uliwonse poyerekeza ndi phula. Mukangolemba kuti mamita 3, pomwe nthaka yatsika ndi mita imodzi adzayeza mamita 3 kuchokera pansi pa dzenjelo, ndipo matayala adzaoneka.

Mayi_Injiniya:
Pa mapanelo funsani zinthu ziwiri zosiyana, chifukwa ogulitsa amazisakaniza dala. China ndi kutsekereza, kuti phokoso lisaboole panelo. China ndi kumwa phokoso, kuti lisabwerere ku msewu. Pa miyezo ya ku Europe, kumwa ndi EN 1793-1, nambala yake DLα, kutsekereza ndi EN 1793-2, nambala yake DLR. M'makope akale munali magulu: B3 ndi kutsekereza koposa 24 dB, A3 ndi kumwa kwa 8 mpaka 11 dB. Mudzawapezabe m'timabuku ta ogulitsa, koma mu tenda lembani nambala yeniyeni.

Kutsekereza kuposere ndi 10 dB zomwe mukufuna khoma lichotse. Mukufuna 10, panelo litsekereze 20 kapena kuposa. Chinthu cholemera makilogalamu 20 pa sikweya mita, chopanda mpata, chimakwanitsa. Konkire ya masentimita 10 imalemera 240, ndiye kuikulitsa pofuna bata n'kutaya simenti. Pulasitiki yoonekera ya PMMA ya mamilimita 20 ili pa 24. Thabwa limodzi la mamilimita 25 silifika, n'chifukwa chake amaphatikiza kapena kukhoma timatabwa totseka mipata.

Mipata ndiyo imapha makoma. Mpata wokwana gawo limodzi pa 100 la khoma umatsitsa kutsekereza kufika pa 20 dB, ngakhale panelo likhale la 40. Pa khoma la mamita 3, mpata wa masentimita 10 pansi ndi magawo atatu pa 100, ndipo mwatsala ndi 15 dB. Choncho pansi pakhale panelo la konkire lokwiriridwa m'dothi, ndipo pakati pa panelo ndi mzati pakhale labala wa EPDM wopanikizika bwino.

Kapitawo:
Mpata wa pansiwo anthu amausiya chifukwa cha madzi a mvula. Khoma lalitali ndi damu. Mukatseka pansi osakonza ngalande, madzi amadikha, n'kukokolola dothi pa maziko, mpata n'kudzitsegula wokha. Ngalande ijambulidwe limodzi ndi khoma, madzi adutse m'paipi yokwiriridwa kapena m'mphako yokhotakhota, osati bowo loonekera mbali inayo.

Polowera anthu okonza msewu musadule khoma. Makoma awiri apitirirane, ndipo kupitiriranako kukhale kanayi kukula kwa mpata. Mpata wa mamita 2, apitirirane mamita 8, nkhope zamkati zikhale zomwa phokoso. Zitseko zothawira pa ngozi zizitseguka kuchokera ku msewu popanda kiyi, zizidzitseka zokha, zikhale ndi labala kuzungulira. Chitseko chosiyidwa pululu ndi bowo la sikweya mita ziwiri.

Wamapulani:
Kodi mapanelo omwa phokoso ndi ofunika paliponse? Amakwera mtengo.

Khutu_Lakuthwa:
Ayi. Amafunika pamene makoma ali mbali zonse ziwiri ndipo ayandikana. Gawani mtunda wa pakati pawo ndi kutalika kwawo. Yankho likakhala pansi pa 10, phokoso limadumphadumpha pakati ndipo mutha kutaya 3 dB kapena kuposa. Makoma a mamita 4 otalikirana mamita 30 akupereka 7.5, pamenepo gulani omwa phokoso. Kupitirira 20, musadandaule. Amafunikanso pamene khoma lili mbali imodzi koma tsidya linalo kuli nyumba zosatetezedwa. Pa chipangizo kukwera kwa phokoso tsidyalo n'kochepa, 1 kapena 2 dB, koma madandaulo ake si ochepa.

Wamaziko:
Apa sindikugwirizana nanu kwathunthu, achimwene. Khoma likayandikira kwambiri mzere wa malole, phokoso limadumpha pakati pa khoma ndi thupi la lole n'kukwera kudutsa nsonga, ngakhale tsidya linalo kulibe chilichonse. Pa msewu wa malole ambiri ndingaike omwa phokoso ngakhale khoma lili limodzi.

Khutu_Lakuthwa:
Zoona, pa khoma la mamita awiri kapena atatu kuchokera pa mzere wa malole ndikuvomera. Likatalikira, phindu lake silikwana mtengo.

Wazogula:
Za kukhalitsa zilembedwe ndi manambala. Mizati ya chitsulo iviikidwe mu zinki wotentha malinga ndi ISO 1461, pa chitsulo chokhuthala kuposa mamilimita 6 zinki akhale ma micron 85 pa avareji, ndipo woyang'anira ayeze ndi kachipangizo kake katundu akamatsitsidwa. Kuboola kapena kuwotcherera pamalo a ntchito kuletsedwe, dzimbiri limayambira pomwepo. Mapanelo a aluminiyamu asakhudzane mwachindunji ndi chitsulo. Ubweya wa miyala wa m'kati mwa mapanelo ukhale wosamwa madzi, wokutidwa ndi nsalu, ndipo panelo likhale ndi timabowo totulutsira madzi pansi, apo ayi umanyowa n'kukhutukira pansi, theka lam'mwamba n'kutsala chigoba. Matabwa amwetsedwe mankhwala mopanikiza ndipo asakhudze dothi. Aganizirenso moto wa tchire, womwe miyezo ya EN 1794 ili ndi mayeso ake. Za mphepo, kulemera ndi miyala yothamangitsidwa ndi matayala zili mu EN 1794-1.

Pulasitiki yoonekera imafutukuka ndi kutentha, pafupifupi mamilimita 0.07 pa mita pa digiri iliyonse. Panelo la mamita 2, kutentha kukasintha ndi madigiri 50, limayenda mamilimita 7. Likamangidwa thinathina ndi mabawuti limang'aluka. Pa mlatho likhale la ulusi m'kati ndipo limangiriridwe ndi chingwe, kuti likasweka zidutswa zisagwere odutsa pansi. Mizere yoti mbalame zilione ilembedwenso mu tenda.

Malipoti a mayeso achokere ku labotale yovomerezeka, ndipo muwerenge kuti chinayesedwa n'chiyani. Kawirikawiri lipoti ndi la panelo lokhuthala kuposa lomwe akukugulitsani, kapena linayesedwa popanda mzati.

Poyerekeza mitengo musayang'ane sikweya mita ya panelo yokha. Mu BOQ, ndandanda wa ntchito ndi mitengo yake, mukhale mizere yosiyana ya mapanelo, mizati, maziko pa mita ya kuya, ngalande, zitseko, kusuntha mawaya ndi mapaipi, ndi kuwongolera magalimoto pa nthawi ya ntchito. Chomalizachi pa msewu wotanganidwa chimadya ndalama zambiri, makamaka ngati kireni ikuloledwa usiku wokha. Onjezani mapanelo osungira a mtundu ndi utoto womwewo, poti pakatha zaka zisanu wopanga amakhala atasintha kapangidwe, lole ikagumula zigawo zitatu mudzasowa cholowetsa.

Mayi_Injiniya:
Ndipo musalipire zonse musanayeze. Kontirakitala amange kaye chigawo cha chitsanzo, mizati inayi kapena isanu, chiyezedwe pamalo pomwepo ndi njira ya EN 1793-6, yomwe imayeza pakati pa panelo payokha ndi pa mzati payokha. Nambala ya pa mzati ndiyo imaulula labala woikidwa mwaulesi. Chigawocho chikavomerezedwa chimakhala muyezo wa khoma lonse. Pomaliza bwererani pa malo omwe munayeza poyamba paja, maikolofoni ina muiike pamwamba pa khoma kapena pamalo opanda khoma kuti muchotsere kusiyana kwa magalimoto a tsikulo. Yezani mphepo ikuwomba kuchokera ku msewu kupita ku nyumba, chifukwa imapindira phokoso pansi ndipo khoma limaoneka mphamvu yake yeniyeni. Kontirakitala wochenjera amasankha tsiku la mphepo yobwerera.

Wamapulani:
Nanga eni nyumba timawafunsa liti?

Wazogula:
Tenda isanatuluke. Ku America lamulo lija limafuna kuti maganizo a eni nyumba ndi okhalamo amvedwe khoma lisanamangidwe, ndipo alipo amene amakana chifukwa cha mthunzi, kutsekeka kwa mphepo kapena sitolo yobisika kwa odutsa. Muwauze nambala yoona. Amene wauzidwa kuti phokoso litha, akapeza latsika ndi 8 dB amati mwamunamiza. Muwauzenso kuti phindu lalikulu ndi la mizere yoyamba ya nyumba, mkati mwa mamita pafupifupi 60.

Kapitawo:
Kamodzi kotsiriza ka woyang'anira pa tsiku lolandira ntchito. Yendani kuseri kwa khoma dzuwa lili mbali ya msewu, kapena usiku mnzanu akuwalitsa tochi mbali inayo. Paliponse pomwe kuwala kwadutsa palembeni ndi choko, nambala ya mzati ilowe m'ndandanda wa zokonza. Mubwerezenso mvula yoyamba ikatha, nthawi yokonza zolakwika isanathe ndipo ndalama ya kontirakitala yomwe munasunga ngati chikole isanatuluke, chifukwa pamenepo dothi la pansi pa mapanelo limakhala litakhazikika ndipo matabwa afota kale.